Sitima yopanda injini yomwe imathamanga kuposa galimoto: mmene roller coaster imayendera

Nthawi ndi nthawi pamatuluka kavidiyo koyenda m'mafoni ngati moto wolusa. Sitima ya pamalo achisangalalo yaima njii pamwamba pa chitunda chachitsulo, anthu ali m'mipando, ena agwira pamtima, ndipo patapita kanthawi ogwira ntchito akuwatsitsa mmodzimmodzi pa masitepe a m'mbali mwa njanji. Oonera amagawanika. Ena amati anthuwo apulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ena amafunsa kuti munthu wanzeru zake angalipire bwanji ndalama kuti akamuzondotse mutu pansi miyendo m'mwamba.

Kuti timvetse chomwe chachitika pa chitunda chija, tiyambe tadziwa mmene chinthuchi chinapangidwira. Tikafika kumapeto mwina muona kuti sitima yoima pamwamba, nthawi zambiri, imakhala kuti yachita zomwe inauzidwa.

Chinthuchi n'chiyani, ndipo chinachokera kuti?

Dzina lake ndi roller coaster. M'Chichewa mulibe liwu limodzi lomwe tinagwirizana, ndiye muno tizingoti sitima. Ndi timabogi tingapo tolumikizana, topanda denga, toyenda pa njanji yomwe imakwera, kutsetsereka, kukhota, nthawi zina kuzungulira chadodolido, kenako n'kubwerera pomwe inayambira. Ulendo wonse kawirikawiri sumapitirira mphindi ziwiri kapena zitatu.

Chiyambi chake chili ku Russia, komwe m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 anthu ankamanga zitunda zamatabwa, n'kuzithira madzi kuti aundane, kenako n'kumatsetserekapo. Mpaka lero Afalansa amatchula sitimazi kuti mapiri a ku Russia, pomwe anthu a ku Russia eni ake amazitcha mapiri a ku America. Mu 1817 ku Paris kunali kale zotsetserekera zokhala ndi mawilo. Ku Pennsylvania, ku America, njanji ya Mauch Chunk yomwe inamangidwa mu 1827 kuti izitsitsa malasha kuchokera m'phiri inasanduka chosangalatsa anthu atazindikira kuti kutsika nawo malashawo n'kokoma. Mu 1884 LaMarcus Thompson anatsegula yake ku Coney Island, mumzinda wa New York. Inkathamanga pafupifupi makilomita 10 pa ola, liwiro lomwe wopalasa njinga amalipitirira asanatuluke thukuta, koma anthu ankaima pamzere kuti alipire masenti 5.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1959, pomwe ku malo achisangalalo a Disneyland, ku America, anatsegula Matterhorn Bobsleds, yoyenda pa njanji ya mapaipi achitsulo. Thabwa limakana kupindidwa kwambiri, koma paipi mukhoza kuipotoza mmene mufunira. Zokhotakhota zambiri zomwe timaona masiku ano zinatheka chifukwa cha paipi imeneyo.

Nanga injini ili pati?

Palibe. Ichi ndiye chinthu chomwe ambiri sachikhulupirira akamva koyamba. Mabogi alibe injini, alibe dalaivala, ndipo ambiri alibe ngakhale mabuleki awoawo.

Taganizani za munthu yemwe wakankha njinga kukwera chitunda. Thukuta lonse lomwe wakhetsa pokwera silinatayike, lasungika mu kutalika komwe wafika. Akakwera njinga ija n'kutsetsereka, safunika kupalasa, ndipo ngati kutsogolo kuli kachitunda kena kocheperako, amakakwera ndi liwiro lomwe wabwera nalo. Sitimayi imachita chimodzimodzi. Tcheni chokokedwa ndi mota yamagetsi chimaikweza pa chitunda choyamba. Ikafika pansonga tcheni chimaisiya, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa ndi mmodzi yekha, mphamvu ya dziko yomwe imakokera chinthu chilichonse pansi.

Masamu ake ndi osavuta. Chinthu chikatsika mamita 50 popanda choletsa, chimafika pansi chikuthamanga pafupifupi makilomita 113 pa ola. Koma kuti liwirolo liwirikize kawiri, chitunda chiyenera kutalika kanayi, osati kawiri. N'chifukwa chake omanga akafuna kuwonjezera liwiro pang'ono chabe amakakamizika kumanga nsanja zazitali zodula kwambiri.

Pali lamulo lina lomwe mungalione ndi maso mukaima patali. Pa sitima yokokedwa ndi tcheni, chitunda choyamba kawirikawiri ndicho chachitali kuposa zonse. Mawilo akamakhuzana ndi njanji, mphepo ikamawomba mabogi, mphamvu imachepa pang'onopang'ono, monga mmene katungwe amafupikitsira ulendo wake mukasiya kumukankha. Chitunda chilichonse chotsatira chiyenera kukhala chotsikirapo, apo ayi sitima ingalephere kuchikwera. Ndipo liwiro silifanana tsiku lililonse. M'mawa kukuzizira, girizi wa m'mawilo akadali wolimba, sitima imayenda mwaulesi. Masana kukatentha ndipo mipando yadzaza, imawuluka.

Aliyense amene anakwerapo amakumbukira phokoso la pokwera chitunda choyamba lija: kete, kete, kete, kete. Ambiri amaganiza kuti ndi tcheni chomwe chikuvutika ndi katundu. Ayi ndithu. Pansi pa bogi pali kachitsulo kolendewera komwe kamadumpha pa mano achitsulo ondandalikidwa m'njanji ngati mano a sowo. Kutsogolo kamadutsa, kumbuyo kamakodwa. Tcheni chitaduka kapena magetsi atazima, sitima ingabwerere masentimita ochepa chabe n'kuima. Phokoso lomwe limawonjezera mantha lija ndi la chinthu chomwe chikukutetezani.

Zoponyedwa ngati mwala wa legeni

Sitima zina zatsopano sizikwera chitunda poyamba. Zimaima pamalo athyathyathya, kenako zimaponyedwa. Zina zimakokedwa ndi chingwe chomwe chimakulungidwa mwamphamvu ndi makina a mafuta opanikizidwa, zina zimakankhidwa ndi maginito amagetsi oyalidwa m'njanji, omwe amayaka motsatizana n'kumakoka bogi kupita kutsogolo.

Formula Rossa ya ku Ferrari World, ku Abu Dhabi, yomwe inatsegulidwa mu 2010, imafika makilomita 240 pa ola m'masekondi osakwana asanu. Okwera amavala magalasi oteteza maso, chifukwa pa liwiro limenelo kamchenga kapena kachilombo kouluka sikaseweretsa. Kingda Ka ya ku New Jersey, ku America, yomwe inatsegulidwa mu 2005, inali ndi nsanja ya mamita 139 ndipo inkaponya anthu pa makilomita 206 pa ola. Nthawi zina sitima yake inkalephera kudutsa pansonga n'kubwerera chafutambuyo. Kwa woonera zinkaoneka ngati ngozi, koma omanga anaziyembekezera ndipo anaika mabuleki oti aigwire ikamabwerera. Okonda sitimazi ankachita kulakalaka kuti ziwachitikire. Inatsekedwa mu November 2024 ndipo nsanjayo inagwetsedwa mu February 2025.

N'chifukwa chiyani siichoka pa njanji?

Sitima wamba imangokhala pamwamba pa njanji, kulemera kwake n'komwe kumaisunga. Iyi ayi, imachita kuigwira njanji ngati dzanja logwira mpini. Pamalo aliwonse pomwe bogi yakhudza njanji pali magulu atatu a mawilo: ena pamwamba onyamula katundu, ena m'mbali oletsa kuterereka pokhota, ena pansi pa njanji oletsa bogi kunyamuka. Mawilo apansiwa anawalembetsa kuboma ngati luso lake mu 1919 ndi John Miller, mmisiri wa ku America, ndipo asanabwere iwo omanga sankayerekeza kupanga zitunda zakuthwa. Kuti bogi ichoke pa njanji pafunika kuti chitsulo chithyoke, osati kungothamanga kwambiri.

Chadodolido osagwa

Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti, sitima ikazondoka, chimagwira anthu n'chiyani? Yankho lofulumira ndi lakuti malamba ndi zotchingira pamapewa. Zimenezo zilipodi, koma pa chizungulire cha njanji chopangidwa bwino si ndizo zimagwira ntchito yaikulu.

Tengani ndowa yokhala ndi madzi pang'ono, muizunguze mwachangu ndi mkono kudutsa pamwamba pa mutu. Madzi satayika. Chifukwa chake n'chakuti madziwo akufuna kupitirira molunjika komwe amalowera, koma pansi pa ndowa pakuwakhotetsa, ndiye amakanikizika pansi pa ndowapo ngakhale ndowa itazondoka. Mukachepetsa liwiro, mwasamba. Wokwera sitima ndiye madzi aja, mpando ndiye ndowa. Pansonga pa chizungulire munthu amamva kuti wakhalabe pampando, kungoti thambo lili kumapazi.

Koma tayang'anitsitsani chithunzi cha chizungulire chilichonse chamakono. Si chozungulira ngati wilo. Chimaoneka ngati dontho la madzi lozondoka, chotakasuka m'munsi, chothina pamwamba. Phunziro limeneli analiphunzira ndi makosi a anthu. Mu 1895 ku Coney Island kunali Flip Flap Railway, yomwe chizungulire chake chinali chozungulira ndendende. Kuti bogi ifike pamwamba inkayenera kulowa ndi liwiro lalikulu, ndipo kukhota kwadzidzidzi kwa m'munsi kunkakanikiza okwera mwankhanza mpaka ena kuvulala makosi. Sinakhalitse. Patapita zaka zambiri, injiniya wa ku Germany Werner Stengel, pogwira ntchito ndi Anton Schwarzkopf, anagwiritsa ntchito mpindo womwe umayamba pang'onopang'ono n'kumathina sitima ikamakwera ndi kutaya liwiro. Revolution ya ku Magic Mountain, ku California, yomwe inatsegulidwa mu 1976, ndiyo inaonetsa kuti njira imeneyi imatheka. Lero The Smiler ya ku Alton Towers, ku England, imazondotsa anthu maulendo 14 pa ulendo umodzi.

Zomwe thupi limamva

Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa chomwe anthu amagula si liwiro. Thupi silimva liwiro. Mundege mumamwa madzi bwinobwino ikuthamanga makilomita 800 pa ola. Chomwe thupi limamva ndi kusintha: kufulumira, kuchedwa, kukhota.

Akatswiri amayeza kusinthaku ndi chilembo g. Mukakhala phee pampando, mukumva 1 g, ndiko kulemera kwanu kwa masiku onse. Sitima ikafika pansi pa chitunda n'kuyamba kukwera mwadzidzidzi, mpando umakukankhani mwamphamvu ndipo mukhoza kumva 4 g. Zikatero munthu wa makilogalamu 70 amamva ngati akulemera makilogalamu 280. Masaya amagwa, mikono imakanika kunyamuka, mutu umalemera ngati mwasenza mwala. Magazi nawonso amalemera n'kutsikira kumiyendo, ndipo mtima umavutika kuwakweza kumutu. Maso ndiwo amayamba kudandaula: mitundu imazilala, m'mbali mumada, munthu amaona ngati akusuzumira mupaipi. Zikapitirira amakomoka kwa masekondi ochepa, ndipo awa ndi aja mumawaona m'mavidiyo khosi lili lende, kenako n'kudzidzimuka akufunsa kuti tili pati. N'chifukwa chake malamulo a kamangidwe, monga a bungwe la ASTM International ku America ndi a EN 13814 ku Ulaya, saona kukula kwa g kokha komanso kutalika kwa nthawi yomwe munthu angakhale nayo. Mphamvu yaikulu imaloledwa kwa kanthawi kochepa zedi.

Mbali inayo ndi yomwe okonda sitimazi amaifunafuna. Sitima ikadutsa pansonga pa kachitunda mwaliwiro, njanji imatsika msanga kuposa mmene thupi lanu likadagwera palokha. Mpando umakuthawani. Mumayandama, lamba yekha ndiye wakugwirani, ndipo m'mimba mumachita kuti myuu. Anthu amati mtima wakwera kukhosi, ndipo sakunama kwenikweni. Ziwalo za m'kati sizinamangidwe ndi misomali, zimalendewera, ndipo tsiku lililonse zimatsamirana chifukwa cha kulemera. Kulemerako kukachoka, kutsamiranako kumatha, ndipo minyewa imauza ubongo kuti tikugwa. Ndi zomwe zija mumamva chikepe chikayamba kutsika, kungoti pano zakula.

Ubongo ukamva kuti tikugwa suyamba wafunsa ngati mwagula tikiti. Umatulutsa adrenaline, mankhwala a m'thupi okonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenya nkhondo. Mtima umagunda mofulumira, manja amachita thukuta, kukamwa kumauma. Mbali ina ya ubongo womwewo ikudziwa kuti mwamangidwa bwino ndipo pakatha mphindi ziwiri mutsika. Ena kusakanikirana kumeneku kumawakomera, amatsika akuseka miyendo ikunjenjemera n'kukaimanso pamzere. Ena kumawazunza basi. Palibe wolakwa pa awiriwa, matupi ndi osiyana.

Chizungulire ndi nseru zimachokera m'khutu. M'kati mwa khutu muli timachubu ta madzi tomwe timauza ubongo komwe mutu wapendekera. Zomwe khutu likunena zikasemphana ndi zomwe maso akuona, m'mimba mumavunduka. Kuyang'ana kutsogolo komwe njanji ikulowera, mutu utatsamira kumpando, kumathandiza kuposa kutsinzina.

Tibwerere ku sitima yoima pamwamba ija

Mabuleki ali pa njanji, osati pa bogi. Ena ndi zitsulo ziwiri zomwe zimapana chipsepse chachitsulo chomwe chili pansi pa bogi. Anawapanga mozondoka dala: pamafunika mphamvu kuti atseguke, ndipo magetsi kapena mpweya zikatha amadzitsekera okha. Ena ndi a maginito, ndipo awa ndi odabwitsa chifukwa sakhudza chilichonse. Chipsepse cha kopa kapena aluminiyamu chikadutsa mwaliwiro pakati pa maginito amphamvu, m'chitsulomo mumabadwa magetsi ozungulirazungulira omwe amakana kuyendako. Sitima ikathamanga kwambiri, kukanako kumakulanso. Safuna magetsi a kunja ndipo saperepeseka, koma paokha sangaimitsiretu sitima, ndiye kumapeto kumakhalabe mabuleki opana aja.

Tsopano chinsinsi chachikulu. Pa njanji imodzi pamatha kuyenda sitima ziwiri, zitatu kapena kuposerapo, ndipo palibe dalaivala woti aone mnzake kutsogolo. Choncho njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse kuli malo omwe sitima ingaimitsidwe. Lamulo ndi limodzi: m'chigawo chimodzi musalowe sitima ziwiri. Timasensa ta m'njanji timauza kompyuta pomwe sitima iliyonse ili. Ya kutsogolo ikachedwa kutuluka m'chigawo chake, kapena sensa imodzi ikangonena zosamveka, kompyuta imaimitsa ya kumbuyo pamalo oyamba omwe ingathe. Chitunda choyamba chija ndi amodzi mwa malo amenewo, ndipo n'chifukwa chake m'mbali mwake mumakhala masitepe ndi zogwirira. Kukhala pamenepo theka la ola dzuwa likuswa mtengo si zokoma, koma sitimayo imakhala itakodwa pa mano achitsulo aja.

Kufunika kwa lamulo limeneli kunaoneka pa 2 June 2015, pa The Smiler yomwe tatchula ija. Sitima yopanda anthu inalephera kumaliza ulendo n'kuima pakati pa njanji. Kompyuta inachita mbali yake, inaimitsa sitima yotsatira yomwe inanyamula anthu 16. Amisiri, poganiza kuti kompyuta yalakwitsa, anailambalala n'kuilola sitimayo kupitirira. Inawomba inzake ija. Anthu angapo anavulala kwambiri ndipo atsikana awiri anadulidwa mwendo. Mu 2016 khoti linalipiritsa kampani yoyendetsa malowo mapaundi 5 miliyoni, ndipo mlandu unagona pa kusowa kwa ndondomeko zabwino zoti amisiri azitsatira zinthu zikasokonekera.

Kodi ndiye n'zotetezeka?

Bungwe la IAAPA, lomwe limaimira eni malo achisangalalo, limati ku America mwayi wovulala kwambiri pa zokwera za m'malo okhazikika ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 15 miliyoni. Owerenga akumbukire kuti chiwerengerochi n'chochokera kwa eni malonda, ndipo chikunena za malo okhazikika a dziko limodzi, osati zokwera zomwe zimamasulidwa n'kumangidwanso kwina sabata iliyonse. Malamulo ndi kuyendera malowa zimasiyana dziko ndi dziko. Pamalo oyendetsedwa bwino, amisiri amayendera njanji, mawilo ndi zomangira m'mawa uliwonse ndipo sitima imayamba yazungulira yopanda anthu. Yatsopano amaiyesa ndi zidole zodzaza madzi zolemera ngati anthu.

Ngozi zikachitika, kawirikawiri gwero lake limapezeka mwa zinthu zingapo zodziwika: chitsulo chomwe chinatopa osaonedwa, wogwira ntchito yemwe walumpha ndondomeko, chomangira chomwe sichinamukwane wokwera, kapena matenda omwe munthu anali nawo kale. Chikwangwani cha malamulo chomwe chimakhala pakhomo lolowera chimachokera pamenepa. Muyezo wa msinkhu suyeza kulimba mtima kwa mwana, umayeza ngati chotchingira chingamugwire pomwe chiyenera kugwira, ndipo kholo lomwe lamuveka mwana nsapato zazitali kuti adutse lanamiza chitsulo chomwe sichimva chisoni. Odwala mtima, a kuthamanga kwa magazi, a vuto la msana kapena khosi, amayi oyembekezera ndi omwe achitidwa opaleshoni posachedwa amaletsedwa chifukwa cha g ndi adrenaline zomwe tafotokoza zija. Ndipo foni yomwe yapulumuka m'manja pa makilomita 100 pa ola imafika pankhope ya wa kumbuyo ngati mwala.

Kutsogolo kapena kumbuyo?

Mabogi onse ndi olumikizana, ndiye pa nthawi iliyonse amathamanga liwiro limodzi. Koma safika pamalo amodzi nthawi imodzi, ndipo kusiyana kuli pamenepo. Bogi ya kutsogolo imadutsa pansonga pa chitunda choyamba sitima ikadali pang'onopang'ono, imalendewera kuyang'ana kuphompho kudikira anzake. Wokhala kutsogolo amaona zonse, mphepo yonse ndi yake. Bogi ya kumbuyo ikamafika pansonga pomwepo, anzake onse ali kale pamtsetse ndipo amaikoka mwamphamvu, motero wokhala kumbuyo amachita kutukulidwa pampando. Pakati ndi pomwe pamakhala pofatsa, ndipo woyamba kumene angachite bwino kuyambira pamenepo.

Kusiyana kwa mipandoku kunafika mpaka m'magazini ya zachipatala. Dokotala wa matenda a njira ya mkodzo, David Wartinger wa ku Michigan State University, atamva odwala ake akunena kuti timiyala ta mu impso tinawatuluka atakwera sitima ya Big Thunder Mountain Railroad ku malo achisangalalo a Walt Disney World, anapanga impso yoyerekezera, n'kuikamo timiyala tenitenti ndi mkodzo, n'kuibisa m'chikwama, n'kukwera nayo maulendo ambirimbiri pamodzi ndi mnzake. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2016, zinaonetsa kuti kumipando ya kumbuyo timiyala tinkasuntha pafupifupi maulendo 64 pa 100 aliwonse, pomwe kutsogolo tinkasuntha maulendo 17 okha. Inali impso ya pulasitiki yofewa, osati ya munthu, choncho palibe dokotala amene angakulembereni tikiti m'malo mwa mankhwala. Mu 2018 awiriwo analandira mphoto ya Ig Nobel, yomwe imaperekedwa kwa ofufuza omwe ntchito yawo imayamba yaseketsa anthu.